Phungu wa Tadala

Kufamu, ntchito yanga yoyamba

Ana anga, mwakhala mukundiseka kuti zinatheka bwanji ine, mayi wa mvano amene sindinathamangepo ngakhale pothawa mvula, kukalamba ndikudziwa za mpira kuposa bambo anu. Nkhaniyi mumaidziwa mwa zidutswazidutswa, ndipo zidutswa zina munatola kwa anthu amene sankandifunira zabwino. Ndiye ndati ndiilembe ndekha mutu udakali bwino.

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza kusukulu ya pafamu ya fodya kufupi ndi Marondera. Malowo sanasiyane ndi komboni imene ndinabadwira, ndipo kalasi yanga inali nyumba yakale youmitsiramo fodya, moti ana ankabwerera kwawo akununkha ngati ndudu. Ambiri mwa anawo anali a anthu akwathu, a makolo ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu monga agogo anu. Ahedi a pamenepo, bambo wamtali amene sindinawaonepo mano, analetsa Chichewa pabwalo la sukulu, ndipo ine ankanditcha Mai Bhurandaya, dzina lija amatinyoza nalo ife a ku Malawi. Zinkandiwawa, sindibisa. Koma mwana akalira ndinkawerama n'kumunong'oneza m'chinenero cha amake, ndipo ankatonthola nthawi yomweyo. Kumeneko ndinaphunzira kuti mwana akakukhulupirira amakupatsa makutu ake onse, ndipo zimenezi n'zoopsa kwa mphunzitsi kuposa choko kutha.

Zengeza, nditakwatiwa

Nditakwatiwa ndi bambo anu ndinapempha kusamuka, ndipo mwamwayi anandipatsa sukulu ya pulayimale ku Zengeza. Tinkachita lendi chipinda chimodzi, mbaula kuseri kwa chitseko, inu mukugona pansi pa tebulo. Kusukulu ana anali ochuluka kuposa makalasi, choncho ena ankalowa m'mawa ena masana, ndipo odikirawo tinkawaphunzitsa pansi pa mtengo, bolodi titaitsamiritsa ku thunthu. Ahedi athu anali a Marufu, munthu wamfupi wansangala, amene vuto lililonse ankaliyankha ndi mawu amodzi a Chishona, akuti tichaona, kutanthauza kuti tidzaona. Mabuku kulibe, tichaona. Chimbudzi chatsekeka, tichaona. Zambiri sitinazione mpaka lero, koma munthuyo sankanyoza aliyense, ndipo ine ndinkagwira ntchito mtima uli m'malo.

Zaka zimenezo ndinalowanso mvano kumpingo wathu wa anthu akwathu. Patapita nthawi amayi anandisankha kukhala mmodzi wa alangizi, amene amalangiza atsikana akatha msinkhu. Udindo umenewu ndinkaunyadira kwambiri, mwina kuposa uphunzitsi weniweniwo. Kusukulu ndinali medemu ngati wina aliyense, koma kumvano ndikaimirira amayi ankakhala chete.

Chaka chimene aphunzitsi anathawa

Mukukumbukira nthawi ija malipiro a mwezi wonse sankakwana kukwera kombi kupita ku Harare n'kubwerako. Aphunzitsi anayamba kusowa mmodzimmodzi, wina ku Joni, wina ku Botswana, osatsazika. Mphunzitsi wa zamasewero anangosiya wezulo patebulo la ahedi, ndipo a Marufu anaitenga n'kundikoleka m'khosi pamaso pa ana. Ndinawauza kuti ine mpira wamiyendo sindidziwa ngakhale kuti osewera amakhala angati. Anandiyankha ndi mawu awo aja, n'kulowa mu ofesi.

Ndiye ndinkangoima pambali pa bwalo ndi wezulo, anyamata akuphana pafumbi, ine n'kumaimba pokhapokha wina akalira. Tsiku lina ndinaona kamtsikana kowonda, kopanda nsapato, kakuthamangitsa mpira wachikulunga kuseri kwa golo. Mpira wa anyamata utatuluka, kamtsikanako sikanautole ndi manja. Kanauimitsa ndi phazi, kanadzutsa mutu, n'kuutumiza kwa mnyamata amene anali yekha kutsidya, amene anzake onse anali atamuiwala. Kenako kanabwera kwa ine n'kunena m'Chishona kuti kakufuna kusewera. Ndinafunsa dzina, kanati Tadala. Ndinadziwiratu kuti ndi mwana wakwathu, ndipo nditamulankhula m'Chichewa anamva zonse, koma anandiyankha m'Chishona monga mmene inu mumachitira mpaka lero.

Timu ya atsikana kunalibe, ndiye ndinamuika pakati pa anyamata. Anyamatawo anang'ung'udza sabata yoyamba yokha, chifukwa anazindikira msanga kuti Tadala akakhalapo iwo amachinya. Iye zochinya analibe nazo chidwi. Ankakhala pakati pa bwalo, khosi likungotembenuka uku ndi uku mpira usanamufike, ndipo ukamufika anali atadziwa kale kokaupereka. Ine wosadziwa mpira ndinkaona chinthu chimodzi, kuti ana ena onse amathamangira kumene mpira uli, koma uyu amathamangira kumene mpira ukupita. Nsapato zoyamba zimene anavala zinali zako iwe Yohane, zija unafunafuna mwezi wonse mpaka kunamizira mphwako. Leka kumukayikira, wakubayo ndinali ine.

Ali mu giredi yomaliza, pampikisano wa masukulu panabwera mayi wina wophunzitsa timu ya atsikana ku Harare. Anamuona theka la masewero n'kundifunafuna, akuti mwanayu azibwera Loweruka lililonse. Ndinapita kwathu tsiku limenelo ndikuimba nyimbo mumsewu.

Makoni, pabenchi la tomato

Mayi ake a Tadala, aNachisale, anali mnzanga wa kumvano. Anali amasiye, ndipo ankagulitsa tomato ndi anyezi kumsika wa Makoni. Mwana wawo woyamba, mkulu wake wa Tadala, ankasewera mpira wamanja. Anapita ndi timu paulendo wogona konko, ndipo patapita miyezi mimba inaoneka. Mwini mimbayo anali bambo amene ankawayendetsa pagalimoto, ndipo anakanitsitsa kwa mtu wa galu. Sukulu inathera pomwepo, mtsikanayo anapita kukagwira ntchito zam'nyumba, ndipo khandalo linkakulira pansi pa benchi la tomato.

Tadala atatha msinkhu, aNachisale anandiitana kumsika n'kundipempha kuti ndikhale phungu wake. Phungu ndi mayi amene amakhala pambali pa namwali pamphasa, ndipo ndi amene amalankhula pomaliza kumanga mawu onse amene alangizi anena. Ndi ulemu waukulu, ndipo ndinavomera ndisanamve zotsatira. Kenako anatsitsa mawu, uku akupukuta tomato ndi nsonga ya chitenje.

“Aphunzitsi, makutu a mwanayu ali ndi inu. Ine ndikamalankhula amangoyang'ana kudenga. Mukamuuze pamphasa kuti mpira autsazike. Mmodzi ndinataya kale, uyu yekha ndi amene wanditsalira.”

Ndinangoti ndamva. Ndinayang'ana khanda lija likusewera ndi makoko a anyezi, ndipo sindikanatha kunena kuti mayiyu akuopa zopanda pake. Komanso ndinkadziwa kuti akunena zoona pa za makutu. Mawu a pamphasa kwathu sabwezedwa, ndipo akanatuluka pakamwa panga Tadala akanasiyadi mpira, kapena akanasiya kukhulupirira munthu wamkulu aliyense. Bambo anu nditawafotokozera anati za amayi salowerera, koma anawonjeza kuti munthu amene wapatsa mwana nsapato asadabwe mwanayo akayenda.

Zengeza, tsiku la chilangizo

Chilangizo chinachitika Loweruka masana kunyumba kwa aNangondo, mkulu wa alangizi, mayi wamalonda a ku Joni amene mawu ake ankamveka nyumba zitatu. Tinatseka makatani, ana tinawathamangitsa. Tadala anakhala pamphasa atatambalala, mutu pansi, chitenje paphewa, ine pambali pake. Amayi analankhula motsatana za ulemu, za ukhondo, za kusalowa kuchipinda kwa makolo, za anyamata a pamakombi ndi malilime awo otsekemera. Onse ankamaliza ndi nkhani imodzi. Wina anati namwali satukula mwendo pagulu, wina anati mpira umaumitsa chiberekero, wina anati adzasanduka mwamuna ndipo palibe adzamufunsire. Namwali pamphasa sayankha. Ndinkangoona misozi ikudontha pamaondo ake aja odzaza zipsera.

Itafika nthawi yanga, aNachisale anandiyang'ana ndi maso opempha. Ndinayamba ndi kumanga zonse zimene ndinkagwirizana nazo, chimodzichimodzi, mpaka zinatha, ndipo panatsala chimodzi chokha.

“Amayi anzanga, mundikhululukire,” ndinatero. “Za mpira pakamwa panga sipatuluka kanthu. Chimene chinapweteka mkulu wake si mpira, ndi munthu. Mwanayu Mulungu anamupatsa chake, ndipo ine ndachiona ndi maso anga. Sindingamuuze kuti achitaye.”

Kutsutsa akulu pamaso pa namwali ndi chinthu chosachitika. Mayi wina anagwira pakamwa, aNachisale anaphimba nkhope ndi duku. ANangondo anandiyang'ana nthawi yaitali ngati katundu amene akumukayikira pamalire, kenako anagamula.

“Chabwino, aphunzitsi, mwalankhula ngati ophunzira. Phungu ndiye mwini namwali. Kulikonse kumene mpirawo ukamutengere, inu mukakhale pomwepo, maso pa iye. Tsiku limene adzapite yekha, mpira wathera pomwepo. Ndipo chikadzamuonekera chilichonse, mlandu ndi wanu.”

Iwo ankaganiza kuti ndibwerera m'mbuyo, chifukwa ankadziwa maondo anga ndi malipiro anga. Ndinavomera. Lachinayi lotsatira kumvano analengeza kuti ndapumitsidwa pa ulangizi, ndipo sanandibwezerenso. Kumsika aNachisale akandiona ankapeza chochita pansi pa benchi. Zinandipweteka kuposa dzina lija la kufamu, chifukwa awa anali anthu anga. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope anga anali makombi.

Zaka za m'makombi

Loweruka lililonse ndinkadzuka, kuchapa zovala zanu mwachangu, n'kukakumana ndi Tadala pokwerera. Tinkakhala anayi pampando wa anthu atatu, chikwama chake pamiyendo panga, kondakitala atatiweramira pamutu. Ku Harare tinkatsika n'kukweranso ina. Mabwalo ambiri analibe pokhala, ndiye ndinkayala chitenje pansi n'kumachonga mabuku a ana, diso limodzi pabuku lina pabwalo. Atsikana a timuyo anayamba kunditcha Gogo Kochi. Timu ikapita kutali kogona konko, ndinkagona nawo m'kalasi pansi, pafupi ndi chitseko, ndipo abambo ena amene ankakonda kuzungulirazungulira ndi maswiti ndi malonjezo anaphunzira kundilambalala. Pamenepo ndinaona kuti aNangondo, ngakhale anagamula mokwiya, sanagamule mopusa. Atsikana ena aluso amene analibe wowayang'anira anathera panjira ndikuona.

Tadala sanakwere mosavuta. Atalowa m'timu ya akuluakulu, kochi watsopano anati ndi wamng'ono thupi, pakati pa bwalo adzamuthyola. Anakhala pabenchi nyengo yonse, ine n'kumakwera makombi kukaonera mwana atakhala pansi. Pobwerera ndinkamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, iye n'kundiyankha kuti nkhono sisewera mpira. Koma m'mawa uliwonse asanapite kusekondale ankathamanga msewu wa ku Nyatsime, ndipo madzulo ankamenyetsa mpira kukhoma ndi mwendo wamanzere mpaka eni nyumba anadandaula. Tsiku lina wosewera pakati anavulala masewero ali mkati, ndipo kochi anayang'ana pabenchi n'kusowa wina. Tadala analowa timu ikugonja. Sanachinye, koma mipira iwiri imene anapereka inadutsa pakati pa otchinga kumbuyo ngati ulusi pasingano, ndipo yonse inathera muukonde. Mabuku a ana tsiku limenelo ndinawatola ali mbwee pafumbi, sindikudziwa kuti ndinawaponya nthawi yanji. Kuyambira pamenepo benchi sanalionenso.

Zaka zonsezi amayi ake sanapondeko kubwalo. Jezi ankamuchapira, chakudya cha paulendo ankamukonzera, koma za mpira sankafunsa, ndipo ine moni wanga ankauyankha ndi mutu wokha.

Nyatsime, nditapuma ntchito

Nditapuma ntchito tinasamukira kunyumba yathu ino ya ku Nyatsime, mazenera ena akadali otseka ndi malata. Tadala anali atakula, akusewera mu ligi yaikulu ya amayi, ndipo kanthu kochepa kamene ankalandira kankathandiza pabenchi la tomato. Ndinayamba kumuuza kuti tsopano ndi wamkulu, akhoza kuyenda yekha, za pamphasa zija anthu anaiwala. Iye ankangofika pakhomo ndi chikwama n'kundidikira.

Ndiye panafika Lamulungu lina limene timu ya kunja kwa dziko inatumiza anthu ake kudzamuona. Kochi anali atamuuziratu kuti mwayi wotere subwera kawiri. M'mawa mwake ndinadzuka bondo litatupa ngati dzungu, osatheka ngakhale kufika pakhomo. Tadala atafika anandiyang'ana, anayang'ana bondolo, anaika chikwama pansi n'kukhala pakhonde. Ndinamuuza kuti anyamuke, anati sapita yekha. Ndinamunyengerera, ndinamukalipira, ndinamutcha chitsiru, ndinati bambo anu amuperekeze, anati bambo anu si phungu. Nthawi ikupita, foni yake ikungolira, iye osasuntha. Kenako analankhula m'Chichewa, chimene sindinamumvepo akuchita chiyambire.

“Amayi, mpirawu munandigulira ndi mawu anu. Ndikapita ndekha adzati munanama.”

Ndinalira, ana anga, ndipo ndinakwiyanso, chifukwa mawu amene ndinamutsegulira nawo njira ndi omwewo anali kumutsekera tsopano. Panatsala munthu mmodzi yekha amene akanatha kumumasula. Ndinaimbira aNachisale, koyamba chichitikire chilangizo chija. Ndinawafotokozera zonse, ndinawapempha kuti anene liwu limodzi lokha kuti mwana apite. Ndinangomva phokoso la msika kumbuyo kwawo, kenako foni inaduka. Ndinauza bambo anu kuti basi, zatha.

Sipanapite nthawi yaitali, kagalimoto konyamula anthu kanaima pamsewu, ndipo munatuluka aNachisale, epuloni ya kumsika ikadali m'chiuno. Analowa osaodira, anaima pakhomo la chipinda changa akupuma mwabefu. Ndinati zikomo mwabwera kudzamumasula.

“Kumasula sindimasula, mawu a pamphasa sabwezedwa,” anatero. “Koma phungu akadwala, mwana ali ndi amake. Iwe Tadala, nyamula chikwamacho.”

Atafika pakhonde anabwereranso, manyazi ali pankhope, n'kundifunsa motsitsa kuti akakafika kumeneko azikayang'ana chiyani, poti iwo mpira sadziwa. Ndinawauza kuti mpirawo ausiye, akangoyang'ana mwana wawo.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Anthu aja anamutenga, ndipo lero Tadala akusewera kunja, amake anawamangira nyumba, ndipo timu ya dziko ikamasewera mumandiimbira kuti ndiyatse wailesi yakanema ngati kuti ndingaiwale. Ndimanyadira, ndipo ndikamuona akutembenuza khosi lija pakati pa bwalo ndimathokoza Mulungu kuti tsiku lija pakamwa panga sipanatuluke zimene anandituma.

Koma ine za Lamulungu limenelo sindinazione. Chimene ndili nacho ndi cha Lolemba lake. Bambo anu anapita ku Makoni kukandigulira mankhwala a bondo, ndipo anabwerako atanyamula jumbo ya tomato imene sindinawatume, akuseka okhaokha. Anati aNachisale awapatsa kuti andipatse, koma uthenga wake sanaumve bwino, chifukwa mayiwo akugulitsa ndi manja okha, kuloza tomato n'kutukula zala. Mawu onse anali atawasiya kubwalo la mpira pochemerera.